Tsiku Limene Ndinanyanyala pa Ukwati wa Eni Ake

Inu, tamverani, tasiyani kaye kutakasa tiyiyo. Mukuti mkamwini wanu wanyanyala chifukwa simunamutumizire galimoto? Ameneyo akuphunzira kumene. Kunyanyala ndi luso, kuli ndi malamulo ake, ndipo mu Ludhiana muno, ku India kuno, ngati panali munthu wolidziwa luso limeneli mpaka kumizu, ndi ineyo Girdhari Sethi, mwini sitolo ya majuzi ili kuseri kwa siteshoni ija.

Nonse mukudziwa kuti ukwati wopanda fufa wokwiya ndi ndiwo zopanda mchere. Fufa, mwamuna wa azakhali ake a mkwati, sanyamula mpando, sayitana alendo, sadziwa n'komwe kumene maluwa agulidwa. Koma akangotsinya nkhope, banja lonse limasiya zogwiragwira kukamunyengerera. Tinakwatira mwana wawo wamkazi, ndiye ndife alendo olemekezeka mpaka tsiku lokawotcha mitembo yathu. Si ine ndinayambitsa mwambowu ayi. Ndinaupeza, ndipo ndinausamala.

Pa ukwati wa mwana woyamba wa alamu anga a Kewal, achimwene awo a akazi anga, ndinanyanyala chifukwa tiyi anabwera atazizira. Pa wa mwana wachiwiri ndinadzitsekera m'galimoto mpaka alamuwo anabwera manja ali pamodzi. Musaseke inu. Chaka chonse ine ndimakhalira kunyengerera anthu: mayi tayesani iyi, bambo mtundu uwu ukukukhalani, mayi musapite tikambirane. Munthu amakuvundulira mashelefu onse n'kutuluka osagula ngakhale sokosi. Ndiye tsiku limodzi lokha anthu andinyengerereko inenso, pamenepo ndalakwa?

Tsono unafika ukwati wa Tarun, mwana wotsiriza wa a Kewal. Pambuyo pake panalibenso wina wokwatira pabanjapo. Ndinadziuza ndekha kuti Girdhari, apa ndiye pomaliza, ukapanda kupepesedwa mokwanira lero upuma pa ufufa popanda wokukumbukira.

M'mawa mwa tsikulo ndikupesa ndevu, akazi anga a Sudesh anaima pakhomo la chipinda n'kumandiyang'anira pagalasi.

"Bambo a Neetu, lero lokha chonde."

"Ndatani ine?"

"Simunatani. Koma nkhopeyo yayamba kale kuyeserera."

"Nkhope yake ndi yomweyi munaipeza."

"Ndinaipeza ikuseka," anatero, n'kumapita.

Owerenga nyenyezi anali atanena kuti tsikulo ndilo labwino koposa m'nyengo yonse yozizira, ndiye mzinda wonse unaganiza zokwatira tsiku lomwelo. Mumsewu wa ku Ferozepur uja, momwe maholo aukwati anandandalikana khoma ndi khoma, kulikonse ungaponye diso kunali hatchi yoyera, malipenga ndi nduwira za pinki.

Chifukwa chokwiyira sindinachisake n'komwe, chinabwera chokha. Ponyamuka kunyumba kwa alamu panali galimoto yokutidwa ndi maluwa, ndi basi. Ndikuti nditsegule chitseko cha galimoto, alamu aja anandigwira pamkono.

"Alamu, umo mwadzaza. Takwerani basi, ndi pafupi pomwepa."

"Mwadzaza ndani?"

"A Baldev, amalume ake a mwanayu. Mukudziwa vuto lawo la mawondo."

"Ine ndilibe mawondo?"

"Anu ndi abwinobwino, alamu. Tithokoze."

Ndinakwera basi, ndipo ndinakhala pakati pa woyimba lipenga ndi mayi wina amene ananyamula mabokosi a maswiti mpaka m'chibwano. Mumtima ndinkangoti zikomo a Kewal, mwandipatsa mpeni ndi chogwirira chake chomwe.

Basi inatitsitsa pomwetsera mafuta, poti mkwati akwere hatchi kuti kamtunda kotsalako tikayende chovina. Apa ndi pamene katswiri amasowera, chifukwa gulu silinganyamuke fufa palibe. Anthu ali kalikiliki kumangana nduwira, ine pang'onopang'ono ndinazemba, n'kukalowa m'kanyumba ka tiyi kuseri kwa malole. Foni ndinaiyika patebulo, nkhope ndinaikonza, n'kudikira.

Lamulo loyamba limati bisala poti akupeze. Ine tsiku limenelo ndinabisala mopitiriza muyeso. Malole aja anali ataima motchinga, moti ngakhale apolisi sakanandipeza. Ndinamwa tiyi. Ndinamwanso wina. Ndinadzilimbitsa mtima kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwini kanyumbako anayang'ana nduwira yanga, anayang'ana nkhope yanga, n'kundifunsa kuti, "Fufa?" Nditagwedeza mutu anandiwonjezera bisiketi yaulere.

Kenako foni inalira. Ndinaisiya ilire kaye, paja sayankha msanga. Ndiye ndinaitenga, mawu ndinawatsitsa mpaka pamchombo.

"Sindibwera. Musavutike nane, pitirizani ndi a Baldev anuwo."

"Pepani bambo," anatero mawu a mtsikana, "ndikuyimba kuchokera ku kampani ya inshuwalansi. Kodi munaganizapo za tsogolo la banja lanu?"

Ndikanamuyankha, koma nthawi yomweyo ng'oma zinayamba kumsewu. Ndinadumpha pampando. Anyamuka popanda ine? Ndinatuluka chothamanga, kuzungulira malole aja, ndipo zoonadi gulu linali likudutsa: hatchi yoyera, mkwati pamwamba nkhope yonse itaphimbidwa ndi zingwe za maluwa monga mwa mwambo, oyimba ovala zofiira, nduwira za pinki zili mbwee. Ndinati chabwino, ngati ndi choncho ndikwiyira pamaso panu pomwe.

Lamulo lachiwiri, ndipo ili ndi limene linandipha, limati usayang'ane munthu kumaso. Ukangoyang'anizana ndi m'bale wako, wina amaseka, ndipo ntchito yonse yawonongeka. Ndiye ndinalowa m'mbali mwa gululo manja nditapinda pachifuwa, maso ali pa mawaya a magetsi. Mawaya onse a mumsewu umenewo ndimawadziwa ine, ndingakuuzeni pamene analumikiza molakwika.

Tili pakati, ang'oma anasintha kayimbidwe n'kuyamba ka gule wa njoka kaja. Inu mukundidziwa. Mnyamata wina analuma kampango ngati chitoliro n'kuyamba kundizungulira.

"Ankolo, tiyeni."

"Ndakwiya ine."

"Vinani chokwiya chomwecho."

Abale anga, mutu umanyanyala koma miyendo sidziwa zimenezo. Ndinangozindikira manja ali pamutu, chiuno chikupita uku ine ndikupita uko, ndafika pansi ndikudzipinda pa phula suti yatsopano ili m'fumbi. Koma nkhope sindinaimasule, ndipo maso ndinatsinzina. Anthu anakuwa, anaomba m'manja kuposa mmene achibale anga amachitira masiku onse. Ndinati eya, chikumbumtima chayamba kuwadya.

Nditadzuka ndinapita pafupi ndi hatchi n'kumugwira mkwati pabondo.

"Iwe, ukawauze abambo ako kuti ndakwiya."

Mawu anatuluka m'maluwa muja. "Ndinu ndani?"

"Ukundifunsa ine kuti ndine ndani? Ndinakunyamula uli wakhanda, unandinyowetsera suti ya ukwati wanga womwe."

"Pepani ankolo," anatero mwanayo. Ndinaganiza kuti mawu ake akhuthala chifukwa cha mantha a banja.

Tinafika pachipata cha holo. Pamenepo, monga mukudziwa, mabanja awiri amalandirana awiriawiri: bambo ndi bambo mnzake, malume ndi malume mnzake, kuvekana nkhata za maluwa, a kuchikazi kupereka bulangeti, kenako kukumbatirana n'kuyesana kuti anyamule mnzake ndani. Ine ndinaima kumbuyo kwenikweni, maso ali pa nyali za pachipata. Ndinamva abambo ayitanidwa, amalume ayitanidwa. Kenako wolengeza anati, "Fufa wa mkwati."

Zii. Anthu anayamba kunong'onezana.

"Fufa wa mkwati, chonde."

Sindinasunthe. Wotuluka pa kuyitana kwachiwiri ndi wanjala.

"Kodi fufa wa mkwati alipo?"

Apo ndinakonza nduwira n'kuyamba kuyenda, pang'onopang'ono, anthu akupatuka. Wina kumbuyo anati, "Ameneyu ndi uti?" Mnzake anati, "Khala chete iwe, bola wapezeka." M'manja munawombedwa mwamphamvu, ndipo ndinamva kukoma mpaka m'mafupa.

Kutsogolo kwanga kunaima fufa wa mkwatibwi. Anamutchula kuti a Jagtar, ndipo munthuyo sindinachite kumuyang'ana kumaso chifukwa nkhope yake inali kutali, kumwamba. Ndinamva pambuyo pake kuti paunyamata wake ankachita masewero ogwetsana. Anandiveka nkhata, anandikoleka bulangeti paphewa, n'kundikumbatira. Ine ndinati ndiyeseko kumunyamula, ndinagwira m'chiuno mwake n'kukoka, koma zinali ngati ndikukoka chipilala cha siteshoni. Iye anangoseka, anandigwira m'khwapa, n'kundikweza m'mwamba ngati mwana woti aone zionetsero.

Ndili m'mwamba muja, miyendo ikupalasa mphepo, ndinaona kuseri kwa khoma. Pachipata cha holo yoyandikana nayo pankafika gulu lina. Hatchi yoyera, oyimba ovala zofiira, nduwira za pinki. Ndipo kutsogolo kwa gululo kunali mayi wovala zobiriwira akuvina manja ali m'mwamba ngati akupukuta mawindo. Kavinidwe kameneko ndingakazindikire ngakhale nditadwala malungo. Anali a Sudesh. Pambali pawo a Baldev, a mawondo aja, akudumpha ngati mwana wa mbuzi.

Ndinatsitsa maso kwa nthawi yoyamba n'kuyang'ana anthu amene anandizungulira. Panalibe nkhope ngakhale imodzi yoidziwa.

A Jagtar atanditsitsa, ndinati apa palibenso zokambirana, Girdhari thawa. Ndinatembenuka n'kuyamba kulunjika kumsewu chamsangamsanga, bulangeti lili paphewa. Tsono inu taganizani mmene zinaonekera kwa a kuchikazi. Fufa wa mkwati wanyamulidwa pamaso pa anthu, watsika nkhope itasintha, ndipo akutuluka osalankhula. Mayi wina anakuwa kuti, "Fufa akupita!" Basi, chipata chonse chinandigwera.

Anyamata anandigwira mapazi. Amayi ananditchingira njira. Bambo wa mkwatibwi, a Malhotra, munthu waulemu wake wa imvi, anafika akupuma mwabefu.

"Akuluakulu, talakwa chiyani?"

"Simunalakwe. Ndingopita basi."

"Ndi a Jagtar eti? A Jagtar, bwerani mupepese."

Chimunthu chija chinabwera chitawerama, manja ali pamodzi. "Ndimaona ngati tikusewera, achimwene. Ndikhululukireni."

"Ayi, nkhani si imeneyo. Ine si wa pano."

"Musatero," anatero a Malhotra, misozi ikulengeza. "Kuyambira lero ndinu wa pano. Nyumba yanga ndi yanu."

"Mukundimva koma? Ndikuti mkwatiyo sindikumudziwa."

Mayi uja anadzigwira pachifuwa. "Mayo ine, wamukana mwana."

Apo a Malhotra anachita chinthu chimene ndinkangochimva m'nkhani za akuluakulu. Anavula nduwira yawo, pamaso pa khamu lonse, n'kuiyika pamapazi anga. "Ulemu wanga ndi uwu. Mwana wanga wamkazi asachite manyazi lero. Mukachoka, muupondere pomwepo."

Inu, ndinene zoona. Zaka zonse zimene ndanyanyala kwa alamu anga, palibe tsiku limene a Kewal anavulapo ngakhale chipewa. Kupepesa kumene ndinkakulota moyo wanga wonse kunali pamapazi anga, koma kwa eni ake. Mutu unkati thawa, ukwati wa Tarun uli kuseri kwa khomali. Mtima unkati Girdhari, zoterezi sizibwera kawiri. Ndinatola nduwira ija, ndinaipukuta fumbi, ndinawaveka mwini wake, n'kunena mawu amene ndinawasungira a Kewal kwa zaka zambiri.

"Chifukwa cha mwanayo, ndikhala. Koma mtima wanga wapweteka."

Anandinyamula ngati mkwati ndine. Anandikhazika pa sofa yofiira kutsogolo kwenikweni, wina akundikupiza ngakhale kunali kozizira, wina akundipukuta fumbi la gule wa njoka lija. Mbale zinayamba kubwera. Ndinati ndingolawa kamodzi ndizipita. Ndinalawa paneer, ndiwo ya tchizi ija, ndinati yalimba pang'ono, ndipo wophika anabwera yekha kudzapepesa. Ndinalawa jalebi, zotsekemera zokazinga zonyika m'manyuchi zija, ndinati bwenzi zili zotentha, ndipo anasamutsa chiwaya chonse kudzachiyika pambali panga. A Jagtar anakhala pansi n'kumandisendera malalanje. Ndinkati ndikadzuka, kwabwera china. Paja amati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, koma pusiyo sanalawepo jalebi za pachiwaya.

Ndili pakati pouza a Malhotra kuti oyimba awo akufulumira kwambiri, ndinaona anthu akupatuka. Kunabwera bambo wina wothothoka tsitsi, thukuta lili kamukamu, akutsogolera kamunthu kakafupi, kowonda, ndevu zopotokera m'mwamba, nkhope ili ndwii. Nditangoiona nkhope imeneyo ndinadziwa. Katswiri amamudziwa katswiri mnzake.

"A Malhotra," anatero wothothoka tsitsi uja, amene anali bambo wa mkwati, "pepani tachedwa. Awa ndi a Harbans, fufa wa mwana wathu. Anali m'galimoto, panali kankhani pang'ono, koma takambirana."

A Malhotra anayang'ana a Harbans. Anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana jalebi.

"Nanga awa?"

"Awa si anu?"

"Ife timati ndi anu."

A Harbans anabwera pafupi n'kuima patsogolo panga. Sanakweze mawu ayi, anthu a luso sakuwa.

"Nkhata imeneyo ndi ya ndani?"

"Ndi yanu, akulu."

"Bulangetilo?"

"Lanunso. Ndimangokusungirani."

"Sofayo mwaitenthetsa mokwanira?"

Ndinadzuka. Bulangeti ndinapereka, ngakhale linali la ubweya weniweni, ine nsalu ndimaidziwa. Ndinayamba kufotokoza za malole, za mawaya, za maluwa ophimba nkhope, koma mayi uja anandidula.

"Ndiye nduwira ija inavulidwira munthu wa mumsewu?"

Ndevu za a Harbans zinagwedezeka. "Nduwira? Munamuvulira nduwira?"

"Timayesa ndinu," anatero a Malhotra.

"Ine ndakhala m'galimoto m'mawa wonse mawindo otseka, ndapsa, ndipo chimene ndapatsidwa ndi botolo la madzi. Uyu wangodutsa mumsewu n'kudya kupepesa kwanga konse?" Anatembenukira kwa a Malhotra. "Vulaninso."

"Akuluakulu, nduwira savula kawiri tsiku limodzi."

"Chabwino. Ukwati wabwino."

A Harbans anaponya bulangeti pansi n'kuyamba ulendo wa kuchipata, ndipo ndikuuzeni, kayendedwe kake kanali kaukatswiri, msana uli njo, osafulumira, osacheuka. Mabanja onse awiri anamuthamangira. A Jagtar okha ndi amene anatsala, akundiyang'ana, lalanje losenda theka lili m'manja.

"Achimwene," anatero, "ndikunyamuleninso?"

Sindinadikire kuti ndimve ngati akuseka. Ndinadutsa kukhitchini, ndinaponda m'beseni la anyezi, ndinatulukira khomo la kumbuyo, ndinakwera pa migolo ya gasi n'kudumpha khoma. Ndinagwera mbali inayo pa mulu wa mbale zosatsuka. Otsuka mbalewo anangondiyang'ana, mmodzi n'kundilozera njira ndi chikho.

Nditalowa mu holo yathu, Tarun ndi mkwatibwi wake anali akuzungulira kale moto wopatulika, wansembe akuwerenga mapemphero. Ndinaima kumbuyo, suti yong'ambika pabondo, manyuchi a jalebi ali pandevu. Ndinakonzeka. Ndinati tsopano andifunsa kumene ndinali, ndipo ndiwauza kuti ndinakwiya, bola ndipulumutseko kena kake.

Alamu anga a Kewal atandiona anabwera chothamanga n'kundikumbatira mwamphamvu.

"Alamu, lero mwandigonjetsa."

"Ndakwiyatu ine."

"Musabise, tonse taona. Pachipata atayitana fufa inu osatuluka, tinadziwa kuti mwasiyira dala a Baldev kuti alandire ulemu kawiri, poti ndi odwala. Ndipo tsiku lonse osadandaula tiyi, osadandaula mpando, osamveka n'komwe. A kuchikazi akuti sanaonepo fufa wofatsa chonchi. Akufuna akujambuleni."

Anandikokera kutsogolo. Azakhali ena okalamba anandisisita kumutu n'kundidalitsa. Tarun, ali pamoto pomwepo, anandigwedezera mutu mothokoza. Zinandiwawa, abale anga, zinandiwawa kwambiri. Munthu wasowa m'mawa wonse pa ukwati wa mwana wa alamu ake, ndipo banja lonse likuti limenelo ndiye tsiku labwino koposa limene anakhalapo nawo. Ndikanati ndinene zoona, ndiye kuti ndiulule za sofa. Ndikanati ndikwiye, ndiye kuti ndiwononge dzina la fufa wofatsa. Fisi akagwa m'mbuna salankhula. Ndinamwetulira wojambula.

Nditakhala pansi, a Sudesh anasendera pafupi. Sanandiyang'ane. Maso awo anali kwa akwati, dzanja likuponya maluwa, koma dzanja linalo linatulutsa kampango n'kundipatsa.

"Pukutani ndevuzo. Kuno jalebi sanayambe kukazinga."

Ndinapukuta.

"Munkaoneka bwino m'mwamba muja," anatero chapansipansi. "Miyendo yokha ndiyo inkachititsa manyazi."

"Munandiona?"

"Msewu wonse unakuonani. Ine ndekha ndi amene ndinakudziwani."

"Ndiye osatuma munthu kudzanditenga? Mwamuna wanu ali m'manja mwa anthu achilendo?"

"Ndinaganizako," anatero, n'kuponyanso maluwa. "Koma ndinaona kuti mwapeza okunyengererani, ndipo ife tapeza mpumulo. Ndinati asangalale uko, ife tisangalale kuno. Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere."

Mpaka lero a Kewal sadziwa. A Sudesh sanauze munthu, ndipo sadzauza, bola ine ndizikhala bwino. Kukakhala chinkhoswe kapena phwando kwa achibale, nkhope yanga ikangoyamba kulemera, iwo amandiyang'ana ali kutsidya kwa chipinda n'kukweza manja awiri pang'ono, ngati akunyamula mwana m'khwapa. Ine pompo mano onse panja.

Ndiye za mkamwini wanuyo, musiyeni akwiye, akadali ndi mwayi. Tandipatsirani shugayo. Tiyiyu wazizira, koma sindikudandaula.